Kaodzera ndi Bodza Limene Ndinasenzetsa Mwana Wanga

Chizindikiro choyamba chinali chotupa kumbuyo kwa mwendo wamanzere, m'munsi pang'ono mwa bondo. Munali m'sabata yachiwiri ya Seputembala, dzuwa la kuno kuchigwa litayamba kale kuwotcha. Masiku angapo m'mbuyomo ndinapita kukatola nkhuni m'mitengo ya tsanya kuseri kwa minda, ndipo akashembe anandiluma katatu kapena kanayi. Kulumidwa ndi kashembe si nkhani kuno ku Kakumbi. Umangodziwomba pamalopo n'kupitiriza ntchito. Koma apa panatupa, panalimba ngati chithupsa chosapsa, ndipo ndikapakhudza pankapweteka. Mafinya sanatuluke. Ndinapakapo mafuta n'kumangapo kansalu.

Tsiku la nkhunilo, mayi wina woyandikana nafe, mbadwa ya konkuno, anandiseka ndisanalowe m'tchire. Ndinali nditavala chitenje cha buluu ndi bulauzi yakuda. "Amake Taonga, mwavala monga msampha wa kashembe," anatero. Kuno m'tchire mumapachikidwa nsalu za buluu ndi zakuda zokopa akashembe kuti afe ndi mankhwala, ndipo wobadwira kuno salowa m'nkhalango atavala mitundu imeneyi. Ine, munthu wa kumtunda, ndinaona ngati n'zocheza. Sindinabwerere kukasintha.

Ndifotokoze kaye za pakhomo pathu, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chimene chinandichedwetsa kupita kuchipatala. Tinatsikira kuno kuchokera kumtunda zaka zinayi matendawa asanabwere. Amuna anga ndi ophika pa kampu ina ya alendo cha ku Nkwali. Nyengo ya alendo ikafika amagona konko, ndipo kunyumba amabwera patapita masabata angapo, kudzakhala masiku atatu okha. Tili ndi ana atatu: Taonga, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Dalitso wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi Chisomo wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sukulu ili kutali ndi kumene tinamanga, ndipo njira yake imadutsana ndi njira ya njovu zikamabwerera m'minda m'mawa. Tsiku lina, titakhala kuno chaka chimodzi, Taonga ndi anzake anakumana nazo maso ndi maso, nathawa n'kutaya mabuku m'tchire. Sabata yotsatira ndinawachotsa ana kusukulu, ndinayamba kuwaphunzitsa ndekha pakhonde.

Njovu zinali chifukwa chenicheni, koma sichinali chokhacho. Ndinamaliza Giredi 12, ndinkaphunzitsa ana kutchalitchi, ndipo ndinkafuna kuti anga akule m'Mawu a Mulungu monga mmene ine ndinkafunira. Ndinkanyadiranso anthu akamati, "Mayi uja ana ake amawerenga kuposa a kusukulu." Amuna anga anavomera, koma anaika lamulo limodzi. Anati tsiku limene adzaone kuti ana sakuphunzira, onse atatu adzapita ku Chipata kwa mlongo wawo, alamu anga, kumene sukulu ili pafupi ndi nyumba. Choncho akabwera pa ofu, masiku awo opuma aja, ankakhala pampando n'kutsegula makope a ana, kuona tsiku ndi tsiku ngati panali ntchito yolembedwa ndi yochongedwa. Mawu oti Chipata ndinkadana nawo. Alamu angawo sanandilakwirepo kanthu, koma ndinkawaona ngati munthu amene akudikira kunditengera ana.

Sukulu yanga inali yolimba. Seveni koloko tinkayamba ndi pemphero ndi Mawu, kenako masamu, Chingerezi, sayansi, mpaka masana. Patebulo pankakhala kandodo. Mwana akayasamula m'kalasi ankaimirira padzuwa. Pa machimo onse, limene ndinkalilalikira kwambiri linali ulesi, ndipo ana anga ankadziwa kuti kwa amayi awo kuodzera n'chimodzimodzi kuba.

Patapita sabata chotupa chija chitatuluka, thupi linatentha. Mutu unkapweteka kuchokera m'khosi mpaka m'maso, m'mfundo monse munkaphwanya, ndipo m'khosi munatuluka mwanabere. Kuno aliyense akatentha thupi amati malungo, ndiye nanenso ndinati malungo. Ndinapita ku kiliniki Lolemba m'mawa. Anandibaya chala, tinadikira, ndipo anamwino anati malungo sanapezeke. Anandipatsa mankhwala oziziritsa thupi. "Mukaona kuti simunasinthe pakapita masiku atatu, mubwere tikapime zina," anatero. Za chotupa sanafunse, chifukwa chinali m'kati mwa chitenje, ndipo ine sindinachitchule.

Masiku atatu anapita, sindinasinthe, koma sindinabwerere. Ulendo wa ku kiliniki ndi mzere wake zinkadya tsiku lonse, ndipo tsiku limenelo m'makope mukanakhala mopanda kanthu. Ndinagula mankhwala a malungo pagolosale n'kumwa onse. Thupi linazizira masiku anayi, ndinati ndachira. Kenako linatenthanso. Zinkatero, kutentha ndi kuzizira, mpaka Seputembala anatha. Chotupa chinauma chokha n'kusiya chipsera chakuda, ndipo ndinachiiwala.

Kumayambiriro kwa Okutobala kunabwera tulo. Si tulo timene munthu amatidziwa akatopa. Ndinkatha kukhala ndikufotokoza masamu, choko chili m'manja, kenako n'kudzidzimuka mutu uli patebulo, mthunzi wa khonde utasuntha. Ana ankakhala phee, akundiyang'ana. Nthawi yoti anthu agone ine tulo tinkathawa, kukacha tinkabwera. Mtima unayambanso kupsa msanga kuposa kale. Chisomo akagwetsa pensulo ndinkakalipa ngati waswa mbale zonse za m'nyumba.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Sindinaganize kuti tulo ndi matenda. Ndinaganiza kuti ulesi umene ndinkaulalikira wandilowa ine, ndipo ndi chiyeso chofuna kugwetsa ntchito ya Mulungu pakhomo panga. Ndinasala kudya masiku atatu, m'kutentha kwa Okutobala, thupi lili kale lofooka. Tsiku lachitatu ndinagwa pokatunga madzi. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, ndinauza amene anandiona kuti ndapunthwa. Sindikunena kuti kusala kudya n'koipa. Ndikunena kuti ine ndinasala pothawa chipatala, ndipo Mulungu ankadziwa zimenezo ngakhale ine ndinkadzinamiza.

Amuna anga anaimba foni kuti abwera Lachisanu. M'makope munali masiku asanu ndi limodzi opanda ntchito. Ndinaitana Taonga kuseri kwa nyumba. Mawu amene ndinamuuza ndimawakumbukira onse, ngakhale zambiri za mwezi umenewo zinafufutika m'mutu mwanga. Ndinati, "Atate ako akabwera, usawauze kuti ndimagona m'kalasi. Ukawauza, nonse mupita ku Chipata, ndipo wachititsa udzakhala iwe." Kenako ndinamupatsa cholembera changa chofiira. Mwanayo anakhala pansi masiku awiri, analembetsa azing'ono ake ntchito ya masiku onse osowawo, anaika madeti a m'mbuyo, anachonga motsanzira dzanja langa. Sabata yomweyo phunziro lathu la Mawu linali la kunena zoona. Ndinaliphunzitsa ndine, ndipo Taonga anayankha mafunso onse molondola.

Atate awo anabwera, anatsegula makope, anakhutira. Anaona kuti ndaonda, ndinati ndi kutentha. Masiku atatu amenewo ndinkamwa tiyi wakuda wowawa, ndinkayendayenda pabwalo kuti ndisakhale pansi, ndipo tulo tikandigonjetsa ndinkanena kuti ndikukapemphera kuchipinda. Lolemba anabwerera kukampu osadziwa kanthu. Kuyambira pamenepo mphunzitsi anali Taonga. Ankalemba pabolodi, ankaphika, ankatunga madzi, ankachonga makope, ine ndili pamphasa.

Chakumapeto kwa Okutobala miyendo inatupa ndipo thupi lonse linkayabwa. Manja ankanjenjemera moti sindinkatha kumanga chitenje bwino. Ndinkagona chakudya chili m'manja. Akuti tsiku lina ndinamenya Dalitso mbama chifukwa anandibweretsera madzi m'kapu imene sindinaifune. Ine sindikukumbuka, koma ana atatu sanganame chinthu chimodzi. Mayi woyandikana nafe uja anabwera kawiri kudzandiona, ndipo kawiri konse Taonga anamubweza pakhomo kuti amama akupemphera, monga ndinamulamulira.

Lachinayi lina m'mawa, sabata yoyamba ya Novembala, Taonga anandidzutsa koma sindinadzuke bwino. Akuti ndinatsegula maso n'kumutchula dzina la mng'ono wanga amene ali kumudzi, ndipo ndinkayankha zosagwirizana. Anatenga foni yanga n'kuimbira atate ake. Amuna anga anadzandiuza pambuyo pake zimene mwanayo ananena: "Atate, amama adwala kuyambira kale. Makope aja n'nachonga ndine. Bwerani manje." Anafika ndi galimoto ya kukampu dzuwa lisanafike pamutu. Ku kiliniki sanatichedwetse, anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Za masiku awiri oyamba kuchipatala ndimadziwa zimene anandiuza. Anapimanso malungo, sanapezeke. Adokotala anafunsa amuna anga kumene timakhala, ngati ndimalowa m'tchire, ngati ndinalumidwapo ndi kashembe. Za kashembezo iwo sankadziwa. Anamwino pondisintha zovala ndi amene anaona chipsera kumwendo. Anatenga magazi kupita nawo ku labu kukawaona pa makina oonera tizilombo, ndipo madzulo ake yankho linabwera. Anali kaodzera, matenda a tulo obwera ndi kashembe.

Tsiku lotsatira anatenga madzi a kumsana. Izi ndikuzikumbuka. Anandigoneka cham'mbali, maondo pachifuwa, anamwino awiri atandigwira, ndipo singano inalowa pakati pa mafupa a msana. Pambuyo pake anandiuza kuti ndigone chagada osadzutsa mutu kwa maola angapo. Adokotala anabwera ndi pepala m'manja, nalankhula mosabisa. "Amai, tizilombo tafika ku ubongo. Mankhwala alipo, koma ni amphamvu, ndipo ena amawavuta. Mukanabwera chotupa chija chikalipo, ntchito ikanakhala yaing'ono. Mukanachedwako masabata ena awiri, sindidziwa ngati tikanakamba." Amuna anga anasaina pepala lovomereza. 

Anayamba ndi jakisoni wopha tizilombo ta m'magazi. Mankhwala a ku ubongo sankasungidwa pamenepo, anachita kuwaitanitsa, ndipo tinawadikira masiku anayi. Masiku amenewo anali aatali. M'mawa uliwonse ndinkafunsa, ndipo anamwino ankati galimoto ili m'njira. Atafika, anandiika kapaipi pamkono, ndipo kwa masiku khumi ankandibaya mumtsempha kamodzi patsiku, cha m'ma teni koloko. Mankhwalawo ankawotcha polowa, kuchokera padzanja mpaka paphewa, ndipo mitsempha inkauma moti ankasinthasintha malo. Asanabaye ankandipatsa mapiritsi ena oteteza ubongo. Akamaliza, anamwino ankabwera pafupipafupi kudzandifunsa dzina langa, tsiku, ndi mayina a ana anga, kuti aone ngati mutu ukuyenda bwino.

Moyo wa mu wodi uli ndi ndondomeko yake. Kukangocha amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Okolopa akalowa, odikirira odwala onse amatuluka panja. Naini koloko adokotala amazungulira bedi ndi bedi. Masana alendo amalowa ola limodzi, belu likalira amatuluka. Ine, amene ndinazolowera kuimika ana padzuwa, ndinkadikira kuti munthu andiperekeze kuchimbudzi. Anamwino wina wamkulu, atamva kuti ndimaphunzitsa ana kunyumba, ankanditcha aphunzitsi. "Manje aphunzitsi, anakuuzani masiku atatu, imwe munabwera pa masabata sikisi. Masamu amenewa munaphunzira kuti?" Wodi yonse inaseka, nanenso ndinaseka, koma manyazi anandigwira.

Amuna anga sakanatha kukhala m'wodi ya amayi, komanso kukampu ankawafuna. Wondidikirira anali alamu anga a ku Chipata aja. Anatsika ndi basi tsiku lachitatu, atanyamula ndowa, mbale ndi zitenje. Ndiwo ankandisambitsa, kundimwetsa phala ndi supuni, kuchapa zovala zimene ndinaonongera, ndi kugona pansi pambali pa bedi. Masabata atatu onsewo sanatchule za sukulu ngakhale kamodzi. Ndinkadikira kuti ayambe, mayankho ndinali nditakonza kale, koma iwo ankangondifunsa ngati phala lili ndi shuga wokwanira. Zinandipweteka kuona kuti munthu amene ndinamusandutsa mdani m'mutu mwanga kwa zaka zitatu analibe nane mlandu uliwonse.

Ana anatsala ndi mayi woyandikana nafe uja. Tsiku lachisanu ndi chiwiri la jakisoni, mutu utayamba kuyera, amuna anga anabwera ndi Taonga pa ola la alendo. Mwanayo sanafike pafupi. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, monga ankaimira ndikamamudzudzula m'kalasi. Anali ataonda. Ndinamuitana, sanasunthe. Kenako anati, "Pepani amama, n'nawauza."

Pa zonse za matendawa, singano ya kumsana ndi mankhwala owotcha aja, palibe chimene chinandipweteka ngati mawu amenewo. Mwana anapulumutsa moyo wanga, ndipo anabwera kudzapepesa. Masabata onse aja ankaona mayi ake akufa pang'onopang'ono, akudziwa kuti akalankhula alakwa, akakhala chete alakwanso, ndipo amene anamuika pamenepo ndinali ine. Kwathu munthu wamkulu sapepesa kwa mwana. Amangomupatsa kanthu kabwino, nkhani n'kutha. Ine ndinali ndisanapepesepo kwa mwana wanga aliyense. Ndinapempha alamu anga kuti andidzutse ndikhale tsonga, ndinamuuza Taonga, atate ake ndi azakhali ake akumva, kuti wolakwa ndine, kuti ndinamuphunzitsa bodza ndi kumuopseza, ndipo ndikupempha kuti andikhululukire. Anabwera n'kukhala m'mphepete mwa bedi, nayamba kulira, ndipo analira mpaka belu linalira.

Ananditulutsa chakumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa. Anandipatsa khadi la masiku obwerera kukapimidwa, ndipo anati ndizibwera ngakhale ndikumva bwino, chifukwa matendawa amatha kubisala. Kunyumba ndinkayenda ndi ndodo. Kuchokera pakhonde kufika pamjigo ndinkapuma kawiri. Mutu unkapweteka masana, ndipo mawu ena ankandithawa pakamwa. Masamu a Giredi 6 amene ndinkawaphunzitsa mosaona m'buku ndinkawayang'ana ngati a eni ake. Mwezi wonse wa Disembala sitinaphunzire, ndipo m'makope sitinalembemo kanthu.

M'mwezi umenewo ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo ndinasintha zinthu zingapo. Sizinasinthe tsiku limodzi, ndipo zina ndikulimbana nazo mpaka lero. Kandodo kaja ndinakachotsa patebulo. Mwana akayasamula, ndimamufunsa ngati wadya, ngati wagona bwino, ngati mutu ukupweteka. Timayamba eyiti koloko, timaweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo masana ndimagona ola limodzi chitseko chili chotsegula, aliyense akuona. Ndinapita kwa mayi wina wa kutchalitchi amene amadziwa masamu kuposa ine, ndinamupempha kuti azibwera kawiri pa sabata ndi ana ake, iye aphunzitse masamu, ine Chingerezi. Kale ndikanaona ngati kutero n'kuvomera kuti ndalephera. Lamlungu lililonse ndimaimbira amuna anga n'kuwauza mmene sabata yayendera, ndi masiku amene sitinaphunzire omwe. Tsiku lopanda ntchito timalisiya lopanda kanthu m'kope. Kupsa mtima ndiye sikunathe. Ndimakalipabe nthawi zina, koma tsopano ndimabwerera kwa mwanayo tsiku lomwelo kukapepesa, ndipo Dalitso amati ndikamapepesa nkhope yanga imaoneka ngati ndikumwa mankhwala owawa.

Nkhani ya Chipata inali isanathe. Lamulo la amuna anga linali lomveka, ndipo ine ndinaliphwanya ndi bodza pamwamba. Khirisimasi itadutsa tinakhala pakhonde awiri. Ndinkayembekeza kuti anena kuti onse atatu apite. Iwo anati nawonso analakwa, chifukwa ankabwera kudzaona makope m'malo moona anthu. Anati ang'ono awiri atha kutsala ngati ndipitiriza kunena zoona. Za Taonga anati ndigamule ine. Ndinkafuna kuti atsale. Koma ndinazindikira kuti zaka zitatu zonse zija ndinali ndisanamufunsepo mwiniwake, ndiye ndinamuitana.

Anakhala pamphasa, akuyang'ana atate ake, kenako ine. Ndinamuuza kuti anene zimene akufuna, palibe amene amukalipire. Kenako anati, "Nifuna kupita, amama. N'nali kufuna kuyambira chaka chatha. Nifuna kukhala m'kalasi na anzanga, nilembe mayeso monga ena. N'nali kuopa kuti mudzati sinikukondani."

Ndinatsala pang'ono kufa pofuna kusunga pakhomo mwana amene ankafuna kupita, ndipo ndinamuopseza ndi chinthu chimene iye ankachilakalaka mumtima. Ndinamva kuwawa, ndinamvanso manyazi. Ndinamuuza kuti apita, ndipo si chilango. Mu Januwale ndinamuperekeza ndekha pabasi mpaka ku Chipata, ulendo wanga woyamba wautali chichokereni kuchipatala. Alamu anga anatilandira pasiteshoni. Yunifolomu anali atasoketsa kale, koma anandipatsa ine kuti ndimuveke tsiku loyamba. Pobwerera ndinalira kuchokera pamene basi inayamba kutsika phiri mpaka titafika kuchigwa ku Mambwe.

Tsopano papita chaka ndi miyezi ingapo. Ndapita kukapimidwa nthawi zonse zimene analemba pakhadi, kuphatikizapo kutengedwanso madzi a kumsana, ndipo tizilombo sitinapezekenso. Kwatsala ulendo umodzi. Thupi linabwerera, ndodo ndinasiya, ndimalima ndi kutunga madzi ndekha. Chimene chinatsalira ndi kuiwala pang'ono, ndiponso dzanja lamanja limanjenjemera ndikatopa, moti pabolodi amalemba ndi Dalitso ine ndikunena. Iye ndi Chisomo akuphunzirabe pakhonde, ndipo ndinawauza kuti aliyense akafika Giredi 6 ndidzamufunsa monga ndinafunsira mkulu wawo. Taonga amabwera pa holide. Amalankhula kwambiri kuposa kale, ndipo amanditsutsa, zimene ndikuphunzira kuzipirira.

Kwa inu okhala kuno kuchigwa, makamaka amene munatsika kumtunda monga ine, ndikuti kutentha thupi konse si malungo. Akakupimani n'kupeza kuti malungo palibe, bwererani pa tsiku limene akuuzani, ndipo muwauze ngati kashembe anakulumani. Aonetseni chotupa ngakhale chili pobisika. Munthu akayamba kugona masana mosadziletsa, kapena khalidwe lake likasintha, musamunene ulesi, mutengereni kuchipatala. Pempherani, koma pempherani muli pamzere wa ku kiliniki. Kwa makolo anzanga ophunzitsa ana kunyumba, tsiku limodzi lopanda phunziro silipha mwana, ndipo matenda anu musawasungitse kwa mwana. Ine ndinachedwa masabata asanu ndi limodzi poopa kuti ana anga apita ku Chipata. Ndikanachedwa ena awiri, onse atatu akanapita komweko, ndipo sakanakhala ndi mayi wobwererako pa holide.